Kusunga Kapena Kumanga: Mau Amene Makolo Olankhula Chicheŵa ku Mutare Amakumana Nawo Mwana Wodwala Misala Akagwa M'manja mwa Lamulo

1. Chiyambi

Pa misonkhano ya bungwe lathu takhala tikukambirana kawirikawiri za malo a ziyankhulo zathu m'sukulu, pa wailesi ndi m'manyuzipepala. Pepala lino likuloza kwina, kumalo kumene ambiri a ife sitipondako: ku bwalo la milandu ndi ku chipatala cha mkati mwa ndende, kumene amatsekera munthu amene wapalamula mlandu ali wodwala misala. Sitikamba kwenikweni za wodwalayo ayi. Tikamba za makolo ake, makamaka makolo olankhula Chicheŵa a mumzinda wa Mutare, kum'mawa kwa Zimbabwe.

Ganizo lathu ndi ili. Mwana akadwala malungo, mayi ake amamsamala ndi manja: amamphikira phala, amamsambitsa, amagona pambali pake. Mwana akatsekeredwa ndi lamulo chifukwa cha misala, manja a mayi uja samfikanso. Chimene chimatsala ndi pakamwa. Kholo liyenera kufotokozera dokotala m'mene matenda adayambira, liyenera kumva chigamulo cha woweruza, ndipo potsiriza liyenera kulonjeza molumbira kuti lidzamlandira mwanayo akatuluka. Ntchito zitatuzi ndi za mau okhaokha, ndipo mau ake satanthauza chinthu chimodzi kwa onse amene ali m'chipindamo. Ziganizo zimene tapereka ngati zitsanzo m'munsimu tazipeka tokha kuti zionetse mfundo. Sizidatengedwe m'kaundula wa bwalo lililonse.

2. Chicheŵa m'dera la Chimanyika

Anzathu a kumaiko ena mwina angafunse kuti Chicheŵa chikufunanji ku Mutare. Njanji yochokera ku Beira idafika ku Umtali, lomwe linali dzina la mzindawu kufikira 1982, m'chaka cha 1898, ndipo kuyambira pamenepo derali lidasanduka khomo lolowera anthu ofuna ntchito ochokera ku Nyasaland ndi ku Mozambique. Ena adagwira ya njanji, ena m'migodi ya golide ya ku Penhalonga, ena m'minda ya tiyi ya ku Honde ndi ku Chipinge, enanso m'nyumba za Azungu. Sanali Acheŵa onse. Munali Ayao, Alomwe, Atonga, Asena ndi Anyungwe, koma m'makomboni Chinyanja ndicho chidawalumikiza. Amene sadabwererenso kumudzi ndiwo matchona aja, omwe mbiri yawo adailemba Zoë Groves m'buku lake la 2020 lonena za kusamuka kwa Amalaŵi kupita ku Zimbabwe.

Malamulo aakulu a dziko la Zimbabwe a 2013, m'ndime ya 6, adazindikira ziyankhulo 16, ndipo mwa kutsata alifabeti Chicheŵa ndicho chili pamwamba pa mndandanda. Ndime ya 70 ya malamulo omwewo imapatsa woimbidwa mlandu ufulu woti zochitika m'bwalo zimasuliridwe m'chiyankhulo chimene iye amamva. Tizindikire bwino mwini wa ufulu umenewu: ndi woimbidwa mlandu. Mayi amene wakhala pa benchi la kumbuyo sali m'gulu limeneli, pokhapokha ataitanidwa kukapereka umboni. Komanso mwana wake, amene adabadwira ndi kukulira ku Sakubva kapena ku Dangamvura, amalankhula Chishona ngati mwini, kotero womasulira amamasulira m'Chishona ndipo bwalo limakhutira. Mayi uja nayenso amachidziwa Chishona, koma kawirikawiri chimakhala cha pamsika ndi cha moni. Poti wayankha bwino moni, aliyense amangoganiza kuti wamvanso chigamulo.

3. Njira imene wodwala amadutsa

Tisanafike pa mau enieniwo, tifotokoze mwachidule njira yake. Lamulo loyendetsa nkhanizi ndi Mental Health Act la 1996. Woweruza akakayika za umoyo wa m'mutu wa woimbidwa mlandu, amalamula kuti ayezedwe ndi akatswiri a zachipatala awiri. Pali mafunso awiri osiyana amene bwalo limafunsa. Loyamba ndi la lero: kodi munthuyu angathe kumva mlandu wake ndi kudziyankhira? Lachiwiri ndi la tsiku limene chinthucho chidachitika: kodi pa nthawiyo ankazindikira chimene ankachita, ndi kuti nchosemphana ndi lamulo, ndipo kodi akadatha kudziletsa? Funso lachiwirili lafotokozedwa m'ndime ya 227 ya lamulo la milandu ya upandu la 2004. Bwalo likapeza kuti adachitadi chinthucho koma matenda adamlanda kuzindikira kapena kudziletsa, limapereka chigamulo chapadera cha m'ndime ya 29 ya lamulo la 1996.

Pambuyo pa chigamulochi woweruza angathe kummasula munthuyo ngati wakhutira kuti adachira, koma pa milandu ikuluikulu nthawi zambiri amamtumiza kukayezedwa ndi kulandira mankhwala ku malo apadera. Malo otere alipo awiri, Chikurubi ku Harare ndi Mlondolozi ku Bulawayo, ndipo onse ali m'manja mwa nthambi ya ndende. Kuchokera ku Mutare kukafika ku Harare ndi ulendo wa makilomita pafupifupi 260. Kukafika ku Bulawayo ndi oposa 500. Kuti wodwala atuluke, bungwe lapadera la akatswiri limaona kaye nkhani yake, kenaka nkhaniyo imapita ku bwalo lounika milandu ya odwala misala, limene lili ndi mphamvu yolamula kuti amasulidwe kapena asamutsidwire ku chipatala wamba. Amene adalemba za dongosololi, monga Dube-Mawerewere mu 2015, adadandaula za kuchedwa kwake ndi za odwala amene amatuluka nkubwereranso. Bungwe la Médecins Sans Frontières, lomwe lidathandiza odwala misala ku Chikurubi kuyambira 2012 mpaka 2017, lidakumananso ndi vuto la odwala ochira amene ankangokhala kudikira.

4. Misala

Dokotala amene akulemba lipoti la bwalo amadalira kwambiri mbiri yochokera kwa achibale, pakuti wodwalayo mwina sakumbukira kapena sakulankhula zolongosoka. Funso lake loyamba limakhala lakuti: kodi adayamba wadwalapo misala? Apa mpamene vuto limayambira, chifukwa dzina lakuti misala m'Chicheŵa cha tsiku ndi tsiku ndi lopapatiza kuposa matenda amene dokotala akufunsa. Wamisala ndi munthu amene amavula pagulu, amatola m'dzala, amayenda yekha akulankhula. Mnyamata amene kwa zaka ziwiri wakhala akudzitsekera m'chipinda, osagona usiku, namanena kuti oyandikana nawo nyumba akumnena pa wailesi, sali wamisala m'maso mwa mayi ake. Mayiyo adzayankha moona mtima kuti ayi, sadadwalepo misala, ndipo dokotala adzalemba kuti palibe mbiri ya matenda. Akadafunsa kuti kodi ankagona bwino, kodi ankamva mau amene ena sakuwamva, kodi adayamba liti kusintha, akadadzaza tsamba lonse.

Mau ofotokoza kudwalaku ndi ambiri, ndipo kusankha amodzi kusiya ena kumanena kanthu. Taonani ziganizo izi:

(1) Mwana wanga ndi wamisala.
(2) Mwana wanga akudwala misala.
(3) Mwana wanga wasokonezeka mutu.
(4) Mwana wanga adamsokoneza mutu.

Chiganizo (1) chimamuika munthu yense m'gulu la amisala, ndipo ndi kholo losowa limene lingachinene. Chiganizo (2) chimalekanitsa munthu ndi matenda, ndipo mneni kudwala amatsegula khomo la kuchira. M'chiganizo (3) muli msintho wochitika, -ek-, umene umanena zimene zagwa popanda kutchula wozichititsa. Ndi mau aulemu amene makolo ambiri amawakonda, limodzi ndi akuti wazungulira mutu kapena mutu wake sukuyenda bwino. Chiganizo (4) chikusiyana ndi (3) pa zilembo zochepa chabe, komabe chikunena kuti alipo munthu amene adachita zimenezi, ndipo Mcheŵa aliyense amamva kuti akunena za kulodzedwa. Womasulira wofulumira amaphatikiza (3) ndi (4) nkunena kuti mayi akuti mwana wawo ndi wodwala m'mutu. Potero dokotala wataya mfundo imene idzakhale yofunika mtsogolo, pakuti kholo limene likukhulupirira kuti mwana adalodzedwa lingathe kumsiyitsa mapiritsi nkupita naye kwa sing'anga akangotuluka.

Mneni kupenga alipo m'Chicheŵa ndi m'Chishona momwe, ndipo m'ziyankhulo zonse ziwiri amagwiranso ntchito pa ukali ndi pa nthabwala. Chinyanja cha ku Lusaka chimakonda kufunta. Chishona chili ndi maina monga benzi ndi mupengo, ndiponso mau aulemu akuti kurwara nepfungwa, kunena kudwala maganizo. Pa mbali imeneyi anzathu a Chishona ali patsogolo. Kafukufuku wa Vikram Patel ndi anzake ku Harare m'zaka za m'ma 1990 adakweza mau akuti kufungisisa, omwe ndi kuganiza kwambiri kwathu kuja, kukhala mau a chipatala, ndipo adapanga mndandanda wa mafunso 14 woyezera odwala m'Chishona. Mu 2004 kudatulukanso Duramazwi reUrapi neUtano, mtanthauziramau wa zaumoyo. Mtanthauziramawu wa Chinyanja wa 2000 ndi chuma chachikulu, koma ndi wa mau onse, ndipo sudalembedwere womasulira wa m'bwalo.

Mwina tionjezepo kuti ngakhale maina a malo adasanduka mau a matendawa. Ku Malaŵi kunena kuti uyu ngwofunika ku Zomba sikunena za phiri kapena za sukulu ya ukachenjede. Ku Lusaka dzina lake ndi Chainama, ku Bulawayo ndi Ingutsheni. Nyumba ya amisala ya ku Zomba idayamba mu 1910 ngati mbali ya ndende, monga adafotokozera Megan Vaughan mu 1983, ndipo ya Ingutsheni idatsegulidwa mu 1908, monga adalembera Lynette Jackson mu buku lake la Surfacing Up. Makolo akalephera kusiyanitsa chipatala cha amisala ndi ndende, sikuti ndi umbuli. Mbiri yeniyeni ya malowa ili kumbali yawo.

5. Mlandu

Apa ndipo pagona nkhani. Chigamulo chapadera chimanena m'Chingerezi kuti munthuyo ndi not guilty because of insanity. Womasulira wa Chishona amati haana mhosva. Wa Chicheŵa akadati alibe mlandu, kapena sadalakwe. Mayi akamva zimenezi amayamba kumanga katundu kuti abwerere ndi mwana wake kunyumba, koma amaona mwanayo akukwezedwanso galimoto ya ndende. Funso lake, limene palibe amamuyankha mokwanira, nlakuti: ngati alibe mlandu, nanga akupita nayenso kuti?

Vuto lili m'dzina lakuti mlandu. M'Chicheŵa dzinali limanyamula zinthu zitatu pamodzi: chinthu choipa chimene chachitika, nkhani imene ikukambidwa pabwalo, ndi mangawa amene atsala pakati pa mabanja awiri. Lamulo limene makhoti a ku Zimbabwe amatsata limagawa pakati, kuika chochitacho mbali ina ndi maganizo a wochitayo mbali ina, ndipo limati popanda maganizo olakwa palibe kulakwa. Pa bwalo la kwa mfumu sizinali choncho. Ng'ombe ikadya chimanga cha mnzako pali mlandu, ngakhale ng'ombe ilibe maganizo. Mwana wamng'ono akatentha nkhokwe pali mlandu, ndipo eni mwana amalipa. Wamisala akavulaza munthu, palibe amene amamdzudzula ngati munthu wabwinobwino, pakuti aliyense amadziwa kuti si iye koma mutu. Komabe mlandu ulipo, ndipo umagwera abale ake amene adalephera kumuyang'anira. Motero mau akuti alibe mlandu amamveka abodza kwa banja la wovulazidwa, ndipo kwa banja la wodwala amamveka ngati lonjezo limene silidakwaniritsidwe.

Tisaganize kuti Chingerezi chidaipeza mosavuta njira yonenera zimenezi. Malamulo oyezera misala m'bwalo adakhazikitsidwa ku England mu 1843 pambuyo pa mlandu wa Daniel M'Naghten. Mu 1882 Roderick Maclean adaombera Mfumukazi Victoria nkuphonya, ndipo atapezeka wosalakwa chifukwa cha misala mfumukaziyo idakwiya kwambiri. Chaka chotsatira, mu 1883, mau a chigamulo adasinthidwa kuti azinena kuti munthuyo ndi wolakwa pa chochitacho koma anali wamisala, ndipo adakhala otero mpaka 1964 pamene adabwezeredwa mwakale. Ngati eni chiyankhulo adakhala zaka 81 akusinthasintha mau awiriwa, sitingamdzudzule womasulira wa ku Mutare amene ayenera kuwatembenuza ataimirira, m'kamphindi kamodzi.

Palinso china chozama. Lamulo limati misala ndiyo idabala chochitacho. Anthu ambiri a m'derali amaona nkhaniyi chobwerera m'mbuyo: chochita ndicho chimabala misala. Kwa Ashona, munthu wophedwa amadzuka ngati ngozi, mzimu wolipsira umene umagwetsa matenda, misala ndi imfa m'banja la wakuphayo kufikira atalipa, ndipo kulipako amati kuripa ngozi. Mwana amene adamenya kapena kuzunza mayi ake amayenera mwambo wodzichititsa manyazi wotchedwa kutanda botso. Kwathu nakonso timamva kuti wakutiwakuti adapenga chifukwa adalakwitsa chizimba pofuna kukhwima. Miyambi ya mbali zonse ziwiri imagwirizana: ife timati mlandu suola, iwo amati mhosva hairovi. Banja la Acheŵa la ku Sakubva, limene mwana wake wapha munthu wa Chimanyika, lingathe kumva kwa woweruza kuti palibe mlandu, madzulo ake nkulandira nthumwi zodzakamba za ng'ombe. Makolo amakhala akusenza milandu iwiri, wa boma umene watha koma mwana osatuluka, ndi wa pamudzi umene sudayambe nkomwe kuzengedwa.

Mfundo yowawa koposa ndi yakuti ngakhale odwala misala ambiri savulaza munthu aliyense, pamene zoopsa zachitika wovulazidwayo kawirikawiri amakhala wa m'nyumba momwemo. Mayi mmodzi yemweyo angathe kukhala kholo la woimbidwa mlandu, mkazi wamasiye wa wophedwa, ndiponso mboni ya boma. Chiyankhulo cha bwalo chili ndi dzina la udindo uliwonse mwa atatuwa, koma chimamuitana ndi limodzi pa nthawi imodzi.

Ife tikuona kuti kumasulira chigamulochi ndi mau awiri kapena atatu nkosatheka, ndipo kuyesa kutero ndiko kumasokoneza anthu. Chiyenera kunenedwa m'ziganizo zingapo, motere:

(5) Bwalo lapeza kuti mwana wanu adachitadi chinthuchi. Lapezanso kuti pa nthawiyo anali wodwala misala, kotero silimpatsa chilango. Koma sakupita kunyumba lero. Akupita kukalandira mankhwala kumalo otsekedwa, ndipo tsiku lotuluka silidaikidwe. Lidzadziwika madokotala ndi bwalo lina akadzaona kuti ali bwino.

Mau akuti tsiku silidaikidwe ndi ofunika kuwanena poyera. Kholo la mkaidi wamba limawerenga zaka ndi zala. Kholo la wodwala lilibe chowerenga, ndipo zimatheka wodwala kukhala motsekeredwa nthawi yaitali kuposa imene akadagwira ukaidi akadapezeka wolakwa.

6. Kholo ndani, mwana ndani

Pano tidutsa mofulumira, pakuti za ubale wa Acheŵa zidalembedwa kale kwambiri. M'Chicheŵa munthu saleka kukhala mwana wa makolo ake ngakhale atamera imvi, pamene lamulo la Zimbabwe, kuyambira 1982, limati wa zaka 18 ndi wamkulu woima payekha. Ambiri mwa ana amene tikukamba pano ndi abambo a zaka 25 kapena 40. Ndiponso fomu ya boma ikafunsa wachibale wapafupi, kalaliki wa Chishona amayembekezera bambo kapena wa kuchimuna, pakuti kwawo mwana ndi wa mtundu wa bambo. Mayi wa Chicheŵa angathe kuyankha kuti sangasaine kanthu asanamve kwa alongo ake, amalume a mwanayo, amene ndiwo eni mbumba, ndipo mwina ali ku Dedza kapena ku Angónia. Akanena m'Chishona amati sekuru, dzina limene limatanthauza malume ndi agogo aamuna omwe, ndipo kalaliki amangodabwa kuti nkhalamba ya kutali ikulowapo bwanji. Zimaoneka ngati mayiyo akuzemba, chonsecho akutsata njira yokhayo imene lonjezo lake lingakhalire ndi mphamvu pakati pa abale. Tisaiwale kuti mabanja ambiri a matchona mbumba yawo idaduka kalekale, ndipo mayi wotere amatsala yekhayekha ndi udindo umene kumudzi ukadagawidwa pa anthu khumi.

7. Kudwazika, kuzonda, kusunga

Chicheŵa chili ndi mneni wapadera wa ntchito yosamala wodwala, kudwazika, wochokera ku tsinde lomwelo la kudwala. Wodwazika matenda ndi munthu wodziwika m'chipatala chilichonse cha ku Malaŵi: amagona pansi pafupi ndi bedi, amaphika kuseri kwa chipatala, amathamangira anamwino zinthu zikavuta. Ku malo apadera kulibe wodwazika matenda. Kholo limatsala ndi kuzonda kokha, ndipo kuzondako kumalira ndalama ya basi yopita ku Harare ndi kubwerera, kamba wa wodwala, ndi tsiku lathunthu losagulitsa pamsika. Kwa amene mwana wake ali ku Bulawayo pali choseketsa chomvetsa chisoni, pakuti m'Sindebele ukuzonda ndiko kudana ndi munthu.

Zitsanzo za mtundu umenewu, za mau ofanana kamvekedwe koma osiyana tanthauzo, ndizo zoopsa kwambiri pakati pa ziyankhulo zapachibale, chifukwa palibe amene amazindikira kuti sadamvane. Munthu wolankhula Chingerezi ndi wolankhula Chicheŵa akasemphana amadziwa nthawi yomweyo. Mshona ndi Mcheŵa amagwedezerana mitu nkusiyana aliyense ali ndi zake. Pa nkhani yathuyi pali aneni awiri otere amene ali pakatikati penipeni.

Woyamba ndi kurapa. M'Chishona ndiko kuchiza munthu ndi mankhwala, ndipo namwino akati ari kurapwa akunena kuti akulandira chithandizo. M'Chicheŵa, m'mene l ndi r sizisiyanitsa matanthauzo, khutu limamva kulapa, kumene ndi kuvomera tchimo ndi kulisiya. Ku chipatala wamba kusokonezekaku sikungachitike, pakuti palibe amene amalapa malungo. Koma ku chipatala cha m'ndende, kumene kholo lili kale pakati pa maganizo awiri, osadziwa ngati mwana akuchizidwa kapena akulangidwa, mneni ameneyu amagwera mbali yolakwika. Mayi akamuuza mwana wake kuti ulape mwananga kuti akutulutse, akumpatsa malangizo a mkaidi, osati a wodwala.

Wachiwiri ndi kusunga. M'Chicheŵa, monganso m'Chitumbuka ndi m'Chibemba, kusunga ndiko kusamala: timasunga ana amasiye, timasunga nkhalamba, timasunga mwambo. M'Chishona kusunga ndiko kumanga ndi chingwe ndiponso kumanga munthu kwa apolisi. Mkaidi ndi musungwa, ndipo kusamala amati kuchengeta. Taonani:

(6) Mwana wenyu akasungwa.
(7) Muchamuchengeta here?
(8) Inde, ndidzamsunga kunyumba.

Chiganizo (6) ndi Chishona chonena kuti mwana wanu adamangidwa, koma kwa Mcheŵa wobwera kumene chimamveka ngati chitonthozo, kuti mwana wasungidwa bwino. Chiganizo (7) ndi funso limene wogwira ntchito yothandiza mabanja amafunsa kholo nthawi yotuluka ikayandikira, kuti kodi mudzamsamala. Yankho (8) ndi Chicheŵa changwiro, koma mayi wozolowera kusakaniza ziyankhulo akalipinda kuti limveke Chishona amati ndichamusunga kumba, ndiko kuti ndidzammanga ndi chingwe kunyumba. Ndipo popeza kumanga odwala misala ndi unyolo pamtengo kapena m'chipinda ndi chinthu chimene chimachitikadi m'maiko athu onse, womvayo alibe chifukwa choganizira kuti mayiyo walakwitsa mneni.

Izi sizachabe, pakuti kutuluka kwa wodwala kumatsamira kwambiri pa lonjezo limeneli. Amene amaunika nkhani yake amafuna kudziwa kuti adzafikira kwa yani, ndipo wachibale amapemphedwa kusaina kalata yolumbira yoti adzamlandira ndi kumuyang'anira. Wodwala amene palibe womsainira amatha kukhalabe mkati ngakhale atachira. Kalatayo imalembedwa m'Chingerezi, imafotokozedwa m'Chishona, ndipo kholo limaivomera m'mtima m'Chicheŵa. Kodi likulonjeza chiyani kwenikweni? Kusunga kwa Chicheŵa ndi kumpatsa munthu pogona, chakudya ndi malo pakati pa abale. Kumene boma likufuna nkoposa apo: kuona kuti akumwa mapiritsi monga chlorpromazine kapena haloperidol tsiku ndi tsiku, kupita naye ku chipatala cha ku Sakubva kapena cha Victoria Chitepo pa tsiku la jakisoni, kumletsa chamba ndi mowa, ndi kukanena msanga akayamba kusagona. Mwa mau ena, boma likupempha kholo kuti likhale mlonda wa mwana wake, pamene kholo likuganiza kuti lavomera kukhalanso mayi. Nkofunika kuti zimenezi zitchulidwe chimodzichimodzi, m'chiyankhulo chimene kholo limaganizira, lisanaike chala pa pepala.

Dzina la malo a ku Bulawayo aja likutiphunzitsanso kanthu. Umlondolozi m'Sindebele ndi msungi, wochokera ku ukulondoloza, kusunga mosamala. Amene adasankha dzinali adafuna kunena kusunga kwa Chicheŵa. Mpanda ndi maloko ake zikunena kusunga kwa Chishona.

8. Ntchito imene ikutiyembekeza

Sitikupempha kuti tipeke mau atsopano ambirimbiri. Zimene tidaona pa ntchito ya Chichewa Board, kuyambira 1972, ndi ya Centre for Language Studies imene idalowa m'malo mwake mu 1996, zikusonyeza kuti mau opekedwa mu ofesi sachedwa kufera m'mabuku. Chimene chikusowa ndi kabuku kakang'ono ka womasulira ndi ka namwino, ka masamba mwina makumi awiri, kolembedwa mogwirizana ndi odziwa Chishona, Sindebele ndi Chicheŵa pamodzi ndi madokotala ndi oweruza. M'kabukuko muyenera kukhala chigamulo chapadera chofotokozedwa m'ziganizo zathunthu monga tayesera mu (5). Mafunso a mbiri ya matenda amene satchula dzina lakuti misala koma amafunsa za tulo, za kudya, za mau omveka m'makutu ndi za tsiku limene munthu adayamba kusintha. Mau a kalata yolumbira, udindo uliwonse pa mzere wake. Ndi mndandanda wa aneni osokoneza, kuyambira ndi kusunga, kurapa ndi kuzonda. Mndandanda umenewu ndithu ndi wautali kuposa m'mene taonetsera pano, ndipo anzathu odziwa Chimanyika, Chindau ndi Chibarwe, zimene zimalankhulidwa m'chigawo cha Manicaland, angationjezere mau ena pa nthawi ya zokambirana.